Kansalu ka pa Nkhafi ya Gershom

Evelesi ankachokera ku kwaya pamene anaona Gershom atakhala pansi pa mgwalangwa, m'mbali mwa kanjira kotsikira kudooko. Nyimbo imene ankaing'ung'udza inathera pakhosi, ndipo mapazi ake anapatuka okha.

"Ima pomwepo!" anatero Gershom atakweza dzanja ngati wapolisi. "Ine sabata ino ndine munthu woletsedwa. Amalume ako akuti ngakhale chithunzithunzi cha mkazi chisandigwere."

"Nanga dzuwa lili kumbuyo kwangali ndilichotse?"

"Sunthira uko pang'ono. Eya, pamenepo. Tsopano ukhoza kundipatsa moni."

"Mwaswera bwanji, a woletsedwa?"

"Pyadidi," anayankha m'Chisena chakwawo. "Koma ndiwo zopanda mchere zatsala pang'ono kundimaliza."

Onse anaseka, koma Evelesi anayamba wacheuka kuti aone ngati m'kanjiramo mukubwera munthu.

Mawa lake linali tsiku la chikondwerero cha ufulu, ndipo kwa Mlolo tsikulo silinkatha popanda mpikisano wa mabwato pa Shire. Kwa zaka zingapo anyamata a kutsidya ndiwo ankapambana, mpaka a Bauleni, amalume ake a Evelesi, anasiya kupita kumsika pothawa chipongwe. A Bauleni ndiwo anali mwini wake wa Namzeze, bwato lalitali limene analisema okha, ndipo ndiwonso anali mwini mbumba pabanja pawo. Lamulungu ankakhala pabenchi la kutsogolo m'tchalitchi, koma za pamtsinje ankatsata zimene anawasiyira makolo. Sabata ya mpikisano opalasa onse ankagona mumsasa kudooko, osadya ndiwo zothiridwa mchere ndi mkazi, ndipo dzanja la mkazi silinkaloledwa kukhudza bwato kapena nkhafi.

A Bauleni omwewo ndiwo anabweza ankhoswe a Gershom. "Msena akakwatira amanyamula mkazi kupita naye kwawo," anatero nthawi imeneyo. "Ana a mwana wa mlongo wanga akakulire ku madambo a Ndindi, ine ndizingowamva mbiri?" Koma chaka chimenecho a Lazaro, amene ankawongolera Namzeze, anagwa mu mgwalangwa n'kuthyoka mkono, ndipo panalibe wina wodziwa mayendedwe a madzi kuposa Gershom. A Bauleni anameza malovu, namuitanitsa, nalankhula pamaso pa anthu kuti, "Mukamufikitsa Namzeze patsogolo, ankhoswe anu adzapeza mphasa yoyala."

Ukwati wonse wa Evelesi tsopano unali pa nkhafi imodzi.

"Tandionetsani manja anuwo," anatero. Anali ataona kuti Gershom akuwabisa pakati pa mawondo.

"Ali bwinobwino."

"A Gershom, ine si mwana."

Gershom anatambasula zikhatho. Matuza anali ataphulika, ndipo pansi pa zala panali pofiira ngati nyama.

"Mayo ine!"

"Nkhafi yatsopanoyo ikadali yaukali. Amalume ako anaisema atakwiya."

"Bwanji osaikulunga kansalu?"

"Mumsasa mwa amuna okhaokha nsalu ichokere kuti? Malaya anga ndi omwewa. Ndikang'amba, ku ukwati ndidzabwera wamaliseche?"

Evelesi sanaseke. Manja ake ankalakalaka kugwira manja aja, kuwatsuka ndi madzi ofunda, koma pakati pawo panali kanjira kaja, kakang'ono ndithu, kamene sakanatha kukawoloka.

"Ndikupemphererani," anatero motsitsa mawu.

"Upempherere ndi aja akutsidya, kuti Ambuye awapatse m'mimba."

*

Atafika kunyumba anapeza njinga itatsamira pankhokwe. Anaidziwa ndi belu lake lonyezimira. Leonard, mtsogoleri wa achinyamata a chipani m'deralo, anali atakhala pampando wa malemu bambo ake a Evelesi, atavala malaya ake ofiira, akucheza ndi mayi Esinala.

"Afika a kwaya," anatero Leonard. "Mawa muli pamzere woyamba wa gule, kenako mukasewera ntchembere mbaye. Ndakusankhani ndine."

"Zikomo," anayankha Evelesi atagwada pang'ono.

"Koma ndikudziwa kuti mpirawo muziuponya maso ali kumtsinje."

"Mtsinjewo anthu onse adzauyang'ana."

"Bwato limagubuduka, Evelesi. Njinga siimira."

"Koma imabooka ndi kaminga kakang'ono."

Mayi Esinala anatsokomola. Leonard anaseka ndi mano okha, nanyamuka, naliza belu lake kawiri ngakhale kuti m'njiramo munalibe munthu.

"Mwana iwe, pakamwa pakopo padzatiphetsa," anatero mayi Esinala njinga itazimiririka. "Leonard ndi mwana wa konkuno. Adzamanga nyumba pambali pa yangayi, adzukulu ndizidzawaona m'mawa uliwonse. Ndipo pakhomo pamene pali mkamwini wa malaya ofiira palibe amene amabwera kudzafunsa mafunso."

"Amayi, munthu amene mudzi wonse umamuopa, ine ndidzakhala naye bwanji m'nyumba imodzi?"

Mayi Esinala anali mkazi wamasiye, woopa Mulungu, koma zaka zimenezo zinali zitamuphunzitsa kuopanso anthu. Anatenga lichero n'kuyamba kupeta mapira amene anali atapeta kale.

*

Manja aja sanachoke m'maso mwa Evelesi. Dzuwa litapendeka analowa m'nyumba, nakweza dzanja kudenga kumene ankatsomekako nsanza. Zinali nsalu zimene anazivuula m'matope madzi osefukira atabwerera chaka chatha. Matope a Shire anali atazilowerera mpaka zonse zinasanduka mtundu umodzi, zofiirira ngati dothi, zoumirira ngati chikopa. Anasolola imodzi, naifikisa kuti ifewe, n'kung'amba kachidutswa kakatali, kotambalala ngati chikhatho. Yotsalayo anaibwezera kudenga.

Nthawi imeneyo opalasa ankakhala ali kumtunda kwa mtsinje kukasamba. Mumsasa munalibe munthu. Nkhafi zinali zitaimikidwa pamzere, ndipo ya wowongolera inkadziwika chifukwa inali yaitali kuposa zinzake, mtengo wake ukadali woyera, ndipo pogwirira panali madontho a magazi ouma.

Evelesi anaima pakhomo pa msasa. Kuyambira ali wamng'ono anauzidwa kuti mkazi akakhudza nkhafi ya mpikisano bwato limalemera ngati mwala. Koma anadzifunsa kuti, kodi manja a mkazi anawalenga ndi wina? Si manja omwewa amene amasambitsa odwala ndi kukonza maliro? Mulungu amene amaona zamumtima angakwiye bwanji ndi kansalu komangira bala?

"Ambuye, ngati ndikulakwa, mundilange ine," ananong'ona. "Iye musamukhudze."

Anagwada, natenga nkhafi ija, nakulunga kansaluko mosamala, makamaka cha kumunsi kumene dzanja limagwira pafupi ndi madzi. Anamanga mfundo yolimba, naibwezera pamalo pake.

Pobwerera, atangotulukira m'mabango, anamva belu la njinga cha kumsewu. Anaweramitsa mutu n'kufulumira. Anadziuza kuti njinga za mabelu zilipo zambiri.

*

M'mawa kunacha ndi kamphepo ka mwera. Pabwalo la pafupi ndi dooko anali atazika mbendera ndi kumanga chisakasa cha alendo. Amayi anavina mpaka fumbi linaphimba dzuwa, ndipo zolankhula zitatha masewera anayamba.

Ana a sukulu anathamanga atalowa m'masaka, akugwa ndi kudzuka. Amayi anapikisana kuthamanga atasenza mitsuko yodzaza madzi, ndipo wina wonenepa, amene anthu onse ankamuseka poyamba, anafika patsogolo osataya ngakhale dontho. Pa kukoka chingwe, asodzi anagwetsa alimi a thonje mpaka chingwecho chinaduka, mbali zonse ziwiri n'kugwa chagada. Anyamata a ku minda ya nzimbe anabwera ndi timu yawo ya mpira atavala nsapato zenizeni, koma a kwa Mlolo, osavala kanthu kuphazi, anawapanikiza mpaka mapeto. Pansi pa mtondo akuluakulu a bawo sanadzutse n'komwe mitu, ngati kuti dziko lonse linali m'maenje a thabwa lawo.

Evelesi anasewera ntchembere mbaye ngati munthu wolota. Anaponyera mpira mdani kawiri konse, ndipo mnzake wina anamutsina n'kumuuza kuti, "Iwe, Msena wakoyo sali mu golomu!"

Kenaka ng'oma ya kudooko inalira, ndipo bwalo lonse linakhamukira kumtsinje. Ngakhale a bawo aja anasiya nkhomo zawo.

Mabwato anali atandanda kumtunda. Evelesi anadzipanikiza pakati pa amayi mpaka anafika m'mphepete mwa madzi. Kutaliko anaona Gershom ataima kumbuyo kwa Namzeze. Iye anakweza nkhafi yake pang'ono, nagwira pamene panali kansalu, n'kuyang'ana cha kugulu la amayi. Anali atadziwa. Evelesi anabisa nkhope m'mpango.

Mluzu woyambira utalira, madzi anachita thovu. Bwato la akutsidya linatsogola msanga, anyamata ake akuimba nyimbo yonyoza. Pakati pa mtsinje panali kachisumbu ka mchenga, ndipo mabwato onse analowera mbali yotambalala. Namzeze yekha anakhotera ku kamkwasa kopapatiza ka m'mbali mwa mabango.

"Akupita kuti Msenayu?" anakuwa a Bauleni atagwira mutu. "Kumeneko kuli namasupuni! Wandipha ine mwanayu!"

Namzeze anasowa kuseri kwa chisumbu. Akutsidya anayamba kale kuvina pagombe lawo. Evelesi anatseka maso, milomo ikugwedezeka yokha. Sanapemphe zambiri. Ankangobwereza dzina la Ambuye ndi la Gershom.

Chimene anamva ndi nthungululu ya mayi wina, kenaka phokoso ngati la mvula yamkuntho. Atatsegula maso anaona Namzeze akutumphuka kuseri kuja ngati waponyedwa, pakuti Gershom ankadziwa kuti madzi akachepa mphamvu yonse ya mtsinje imadutsa ku kamkwasako. Iye anali atawerama, nkhafi ikumira mpaka m'manja, madzi akumuthovukira pachifuwa. Akutsidya anayesetsa, koma Namzeze anagunda mchenga wa padooko iwo akadali m'madzi.

A Bauleni analowa mumtsinje ndi jekete lawo la kutchalitchi. Anamukumbatira Gershom akulira ngati mwana.

"Mkamwini!" anakuwa. "Anthu inu, mwamuona mkamwini wanga?"

Evelesi atamva mawuwo anakhala pansi pamchenga, misozi ikutsika, akuthokoza Mulungu amene sanayang'ane kulakwa kwake.

*

Mwambo wake unali wakuti wowongolera amene wapambana akwere kumtunda nkhafi ili chilili, akaipereke ndi manja awiri kwa mlendo wolemekezeka kuti aikweze pamaso pa anthu, kenaka alandire chikho. Mlendo wa chaka chimenecho anali tcheyamani wa chipani wochokera kuboma, munthu wamimba yaikulu ndi magalasi akuda. Leonard anaima pambali pake.

Gershom anagwada, napereka nkhafi, madzi akudontha. Tcheyamani anailandira akumwetulira. Kenaka kumwetulirako kunauma. Anavula magalasi, nayandikitsa nkhafi kumaso.

Mtsinje unali utachapa kansalu kaja. Matope onse a chaka chatha anali atasungunuka, ndipo mitundu yake inabwerera: kufiira, kubiriwira ndi kuda. Tcheyamani anamasula mfundo, natambasula kansaluko pang'onopang'ono. Pakati pake panali diso limodzi ndi theka la chipumi. Linali diso limene aliyense ankalidziwa, lomwe linali pakhoma la sukulu iliyonse ndi sitolo iliyonse. Inali nsalu ya chipani, imene amayi poivala ankaizunguza bwino kuti angakhalire nkhope ya mtsogoleri wa dzikoyo. Tsopano nkhopeyo inali yong'ambidwa pakati, yothimbirira ndi magazi a m'manja mwa msodzi.

Ng'oma inasiya yokha. Bata linafalikira kuyambira kuchisakasa mpaka kumadzi.

Evelesi anakumbukira kuti amayi ake anali ndi nsalu yachipani yakale imene ankati inapita ndi madzi.

"Wang'amba ndani?" anafunsa tcheyamani. Mawu ake anali otsika, koma anamveka paliponse.

"Bwana, nkhafiyo ndinasema ndine," anatero a Bauleni, madzi akutsika m'jekete, "koma nsaluyo sindikuidziwa. Mulungu ndi mboni."

"Ndamanga ndine," anatero Gershom akadali chigwadire. "Ndinatola nsanza itakodwa m'mabango. Inali yamatope okhaokha, sindinaone kuti ndi chiyani."

"Unatola wekha?" anafunsa Leonard. Sankayang'ana Gershom. Maso ake ankafufuza pakati pa amayi. "Palibe amene anakuthandiza kumanga? Mfundoyi ikuoneka ngati ya munthu wozolowera kumanga mpango."

"Nkhabe, ayi. Palibe wina."

Evelesi anadzuka. Anatsegula pakamwa kuti akuwe, koma dzanja lokakala linamutseka mwamphamvu. Anali mayi ake.

"Ukalankhula, tonse tapita," ananong'ona mayi Esinala. "Ine, iwe, amalume ako. Ndapota nawe, mwana wanga, khala chete."

Anyamata a malaya ofiira anamudzutsa Gershom n'kumumanga manja kumbuyo ndi chingwe chomwe chija chinaduka pa kukoka. Tcheyamani anapereka kansaluko kwa Leonard, namuuza kuti amutsekere Gershom m'kachipinda kosungiramo thonje mpaka galimoto ya apolisi itabwera kuchokera kuboma, ndipo Leonardyo ndiye adzafotokoze nkhani yonse. Chikho chinatsala patebulo. Anthu anabalalika osayang'anana kumaso, aliyense akukoka mwana wake.

*

"Nsalu yotsalayo tikaitaye mumtsinje," ankatero mayi Esinala ali m'njira, akupuma movutikira. "Timangirire mwala. Bwanji sunandifunse, mwana iwe? Bwanji?"

"Ndimati ndi nsanza, amayi. Ndinangofuna kuti manja ake asapweteke."

Atalowa m'nyumba Evelesi anakweza dzanja kudenga. Anasolola nsanza imodzi, ina, inanso. Yong'ambika ija panalibe.

Belu la njinga linalira panja.

Leonard anali atakhala kale pampando uja, thumba lachikopa lili pamiyendo. A Bauleni anali pakhonde, atagwira chipumi, osavula n'komwe jekete lonyowa lija. Leonard anadikira kuti amayiwo akhale pansi, kenaka anatsegula thumba natulutsa nsalu yonyowa, yochapidwa bwino. Anaiyala pansi. Nkhope ija inawayang'ana ndi diso limodzi. Anatulutsanso kansalu ka pa nkhafi, nakaika pamalo pake, ndipo zinalumikizana ngati sizinang'ambikepo.

"Dzulo ndinaona munthu akutuluka m'mabango a kudooko," anatero. "Lero anthu ali kumtsinje ndinati ndidzaone kudenga kwa amayi angawa."

A Bauleni anatembenuka pang'onopang'ono n'kuyang'ana Evelesi. Iye ankayembekezera ukali, koma m'maso mwawo munali chisoni chokha.

"Unakhudza nkhafi," anatero. "Ndinkaopa kuti bwato lilemera. Sindinadziwe kuti tilemedwa ndife."

"Ndikhululukireni, amalume."

"Zokhululukirana muchita ine nditapita," anatero Leonard. "Ine ndabwera ngati mwana wa pakhomo pano. Nkhaniyi ili ndi njira ziwiri. Ndikhoza kuwauza apolisi kuti ndafufuza, ndipo ndapeza kuti ndi zoona, Msenayo anatola nsanza ya madzi osefukira mosadziwa. Amumenya pang'ono, n'kumuthamangitsira kwawo, asadzapondenso kuno. Nsalu yaikuluyi ndiisunga ine, palibe adzaione. Kapena ndikhoza kuyala zidutswa ziwirizi monga ndayaliramu. Pamenepo anena kuti pakhomo pano munapangana kunyoza, ndipo iyeyo ananama kuti akubiseni. Galimotoyo ndi yaikulu, a Bauleni. Mukwana nonse."

Mayi Esinala anayamba kulira chamumtima.

"Ukufuna chiyani, Leonard?" anafunsa a Bauleni.

"Mphasa ija munati muyalira ankhoswe. Iyalidwe ndithu. Koma akhalepo anga."

"Ndinapereka mawu anga pamaso pa anthu. Mwanayo wandipukuta manyazi lero."

"Ndiye pitani mukawauze apolisi kuti wong'amba nkhopeyo ndi mkamwini wanu. Munakuwa kale, anthu onse anamva."

A Bauleni amene ankagwetsa mitengo ikuluikulu yekha n'kuisandutsa mabwato anakhala pakhondepo ngati thumba lopanda kanthu.

"Ine ndilibe mawu," anatero pomaliza. "Ndinamukana mwana uja popanda chifukwa chenicheni, lero ndamulandira, ndipo sindingathe kumusunga. Evelesi, yankha wekha. Chimene unene, ine sindidzakudzudzula."

Evelesi anayang'ana amayi ake, anayang'ana amalume ake, kenaka nsalu ija pansi.

"Ndiloleni ndikamupatse madzi kaye," anatero.

Leonard anapinda nsalu zake n'kuzibwezera m'thumba. "Pitani. Galimoto ibwera mawa m'mawa. Muli ndi nthawi yoganiza. Ine si munthu woipa, Evelesi."

*

Kachipinda ka thonje kanali ndi zenera limodzi la zitsulo. Mnyamata wolondera, amene Evelesi ankaimba naye kwaya imodzi, anayang'ana kumbali ngati sakumuona. Dzuwa linali litafiira pamwamba pa mapiri a kutsidya.

"A Gershom."

Nkhope yake inaonekera pazenera. Mlomo unali wotupa, koma anamwetulira.

"Wabwera? Yandikira, mayi. Sabata ya zoletsa yatha. Tsopano ngakhale chithunzithunzi chako chikhoza kundigwera."

Anyamata aja anali atamumasula manja. Evelesi anamupatsa chikho cha madzi, ndipo atamwa anamugwira zikhatho zonse ziwiri kudzera m'zitsulo. Aka kanali koyamba kuzigwira chiyambire sabata ija. Pamene panali kansalu, matuza sanaonjezekere.

"Waona? Mankhwala ako anagwira ntchito," anatero Gershom. "Popanda kansalu kaja nkhafi ikanandipulumuka kuseri kwa chisumbu. Takhuta."

"Musandithokoze. Ndakuphetsani ine."

"Iwe, tamvera. Nsalu yotsalayo mwataya?"

Evelesi anaweramitsa mutu.

"Mukaitaye lero lomwe. Ikangosowa imeneyo, palibe chimene angandichite choposa zibakera. Msana wangawu unazolowera." Anamufinya zala. "Ndakhala ndikupemphera muno. Mantha ndili nawo, sindikubisa. Koma chikundilimbitsa n'chimodzi. Unawamva amalume ako? Anakuwa kuti mkamwini. Munthu ngati uja sabweza mawu. Kaya anditengera kuti, kaya ndikakhalako nthawi yaitali bwanji, ndikudziwa kuti ndikabwera mphasa ija ndidzaipeza yoyala. Udzandidikira, eti?"

Evelesi anatsamiritsa chipumi pa zitsulo. Ankadziwa nyimbo zambiri za chitonthozo, za m'bwato la pa namondwe ndi za chigwa cha mthunzi, ndipo anaziimbirapo anthu ambiri pa maliro. Tsopano anafunafuna ngakhale mzere umodzi, osaupeza. Akavomera Leonard, Gershom apulumuka koma sadzamuonanso, ndipo adzapita akuganiza kuti anamutaya ali m'masautso. Akakana, Gershom, amayi ake ndi amalume ake adzalowa m'galimoto imodzi chifukwa cha dzanja lake.

"Ambuye, ndinati mulange ine," ananong'ona.

"Wati chiyani?"

Asanayankhe, kunamveka kulira kwa injini cha kumsewu wa kuboma. Fumbi linakwera pamwamba pa migwalangwa. Wolondera uja anaimirira n'kukonza malaya ake. Galimoto imene ankati ibwera mawa inali itafika kale pa mphambano.

Belu linalira kumbuyo kwake. Leonard anatsika panjinga mosafulumira, thumba lija lili paphewa, naima pamene Gershom ankatha kumuona bwino.

"Afulumira anzathuwa," anatero. "Evelesi, nthawi yoganiza ija yatha. Ndikawauze ziti?"

Gershom anayang'ana Leonard, anayang'ana thumba, kenaka anayang'ana Evelesi.

"Akawauze ziti za chiyani?" anafunsa. "Evelesi, m'thumbamo muli chiyani?"

Galimoto inaima, zitseko zake n'kutseguka. Manja a Gershom anali akadali m'manja mwa Evelesi, ndipo iye anamva zala zake zomwe zikuyamba kumasuka.